Kodi ayezi angaseme bwanji chigwa m'thanthwe?

Funso: Ndakhala ku Glasgow zaka zitatu, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwezi wathawu ine ndi anzanga tinapita kukaona malo ku Glen Coe ndi kumapiri a Cairngorms. Amene ankatiperekeza anati zigwa zonse zija zinasemedwa ndi ayezi. Ine ndinaseka chamumtima: ayezi yemweyu wosungunuka m'manja? Nanga ngati n'zoona, bwanji pamwamba pa Cairngorms pali pathyathyathya, pongodzaza miyala yosweka? Kodi Nyanja ya Malawi ndi phiri la Mulanje nazonso ndi ntchito ya ayezi?

Yankho: Achemwali, musadzione ngati munalakwa kuseka. Akatswiri ambiri a miyala a ku Britain nawonso anapukusa mitu pomwe Louis Agassiz, wasayansi wa ku Switzerland, anafika ku Scotland mu 1840 n'kuwauza kuti dziko lawo linakwiririkapo ndi ayezi. Ndipo pa mfundo imodzi mukunena zoona: ayezi ndi wofewa kwambiri pomuyerekeza ndi mwala. Mutatenga chibuma cha ayezi n'kumakhula nacho pathanthwe tsiku lonse, chimene chingathe ndi chibumacho. Wokuperekezaniyo anangoidula nkhani pakati. Ayezi ndi mpini chabe. Khasu lake ndi miyala imene wanyamula kunsi kwake, ndipo chimene chimalamula kuti khasulo lilime kapena ligone ndi timadzi tochepa ta pakati pa ayeziyo ndi thanthwe. Mukagwira mfundo ya timadzi timeneti, za ku Glen Coe ndi za ku Cairngorms zimveka pamodzi.

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho. Makolo athu sanachione, choncho Chichewa sichinachipatse dzina, ndizingoti glacier. Chimayamba pamalo pomwe sinowo wogwa m'nyengo yozizira satha kusungunuka yense m'nyengo yotentha. Wotsalayo amakwiriridwa ndi wa chaka chotsatira, n'kumapsinjika, mpweya n'kumafinyidwa, mpaka kusanduka ayezi wolimba. Mulu umenewu ukakhuthala mamita makumi angapo, wapansiyo amayamba kufewa ndi kulemera kwa wapamwamba, n'kumayenda. Ganizani za mtanda wa nsima yofewa mukauika pambale yopendekeka: susweka, koma umatsetsereka pang'onopang'ono. Ma glacier ambiri amayenda mamita makumi kapena mazana angapo pa chaka. Alipo othamanga: wa Jakobshavn ku Greenland anapitirira mamita 40 pa tsiku m'chilimwe cha 2012.

Kulemera kwake ndi kumene anthu sakuganizira. Zaka pafupifupi 22,000 zapitazo ayezi anakuta Scotland yense, ndipo m'malo ambiri anali wokhuthala kupitirira kilomita imodzi. Ayezi wokhuthala kilomita imodzi amapsinja malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi matani pafupifupi 900. Madzi amene anamangika m'ayezi wa dziko lonse pa nthawiyo anatsitsa nyanja zamchere ndi mamita pafupifupi 120, moti munthu akanatha kuyenda wapansi kuchoka ku England kukafika ku Netherlands.

Tsopano ikani miyala kunsi kwa katundu wotereyu, n'kumukoka. Mwapanga mphero. Miyala yogwidwa m'ayezi ndiyo mwana wa mphero, thanthwe la pansi ndilo mphero yaikulu, ndipo zonse ziwiri zimaperesana. Mwala waukulu umasiya mikwingwirima yowongoka pathanthwe, yonse yoloza kumodzi, kumene ayezi ankalowera. Mchenga umasalaza. Zoperedwazo zimasanduka ufa wosalala ngati woyera wa kuchigayo, ndipo ndi ufa umenewu umachititsa mitsinje yochokera m'ma glacier a ku Alps kuoneka ngati athiramo mkaka.

Koma kupera kokha sikukanakumba Glen Coe. Ntchito yaikulu ndi yozula, ndipo apa ndi pamene timadzi tija timalowa. Ayezi akapsinjidwa kwambiri amasungunuka ngakhale kuzizira kuli pansi pang'ono pa madigiri 0. Glacier ikagunda chitunda cha thanthwe, mbali yomwe yagundayo ayezi amapanikizika n'kusungunuka pang'ono. Timadzito timazungulira chitundacho, timalowa m'ming'alu ya kuseri kwake, komwe kupanikizika kwachepa, n'kuundananso. Pamenepo zidutswa za thanthwe zamatirira ku glacier, ndipo ikamapitirira imazizula ngati dzino logwedera. Zozulidwazo zimasanduka mano atsopano operera kutsogolo. Mukadzapitanso ku Highlands, dera la mapiri la kumpoto kwa Scotland, mudzayang'ane matanthwe a pansi pa zigwa: mbali imodzi yosalala, yokwera mwaulemu, inayo yogumuka, ya makwerero. Yosalalayo ndi kumene ayezi ankachokera.

Mtsinje umakumba pamene pali madzi pokha, kamzere kopapatiza pansi pa chigwa, ndipo m'mbali mumangogumukira momwemo. Ndi chifukwa chake zigwa za mitsinje yotsika m'mapiri a kwathu zimasongoka pansi ngati chilembo cha V. Glacier imadzaza chigwa chonse kuchokera khoma ili kufika khoma ilo, imapera pansi ndi m'mbali nthawi imodzi, imadula mphuno za zitunda zimene mtsinje unkazilambalala. Chotsala ndi chigwa chonga mkati mwa bwato: pansi potakasuka, makoma oima njo. Glacier yaikulu imakumba mozama kuposa ting'onoting'ono tolowa m'mbali mwake, choncho ayezi akachoka tizigwa tam'mbalito timatsala m'mwamba, ngati khomo la nyumba yosanja lomwe achotsapo makwerero. Coire Gabhail ku Glen Coe, komwe amati a fuko la MacDonald ankabisako ng'ombe, ndi kachigwa kotero. Mathithi a Steall ku Glen Nevis amagwa mamita 120 kuchokera m'kena.

Umboni umene ine ndimauona kuti sutsutsika uli pansi pa madzi. Mtsinje sungakumbe kupitirira mulingo wa nyanja yamchere imene ukuthiramo, chifukwa madzi sakwera mtunda. Nyanja ya Loch Morar, kumadzulo kwa Scotland, ndi yakuya mamita 310, pomwe pamwamba pa madzi ake pangokwera mamita pafupifupi 10 kuchokera pa nyanja yamchere. Ndiye kuti pansi pake pali mamita 300 kunsi kwa mulingo wa nyanja, m'thanthwe lolimba. Palibe mtsinje ungachite zimenezo. Ayezi amatha, chifukwa amakankhidwa ndi kulemera kwa mnzake wa kumbuyo, ndipo akhoza kulowa m'dzenje n'kukatulukira kutsidya. Ku Norway, Sognefjord, nthambi ya nyanja yamchere yolowa pakati pa mapiri, inakumbidwa motero mpaka kupitirira mamita 1,300.

Zokumbidwazo zinapita kuti? Zina mumaziponda tsiku lililonse. Zitunda zomwe zimakutopetsani ku Glasgow, monga Garnethill ndi Gilmorehill pomwe pali yunivesite, ndi milu ya dothi ndi miyala imene ayezi anaiumba kunsi kwake akuyenda. Amazitcha ma drumlin, ndipo zimaoneka ngati dzira logonekedwa, zonse zoloza kumodzi. Mukadzaona pomwe akukumba maziko mumzindamo, suzumirani: dothi la makande, mchenga, nsangalabwi ndi zimiyala zazikulu, zonse zili phatikiza. Madzi oyenda amasankha, miyala amaisiya apa, mchenga apo, matope kutali. Ayezi sasankha. Amene anaona zomwe napolo amasiya m'tsinde mwa phiri akudziwa maonekedwe a zinthu zotayidwa mosasankha. Ayezi amanyamulanso miyala kukaitaya kuchilendo. Mwala wa pa kachilumba ka Ailsa Craig, womwe amasemera miyala ya curling, masewero otsetsereketsa miyala pa ayezi, ndi wosavuta kuuzindikira, ndipo zidutswa zake zimatoledwa m'magombe a ku Ireland ndi ku Wales. Ku Edinburgh nkhani yake ndi ina pang'ono: thanthwe lomwe pali linga la Castle ndi chitsa cholimba cha phiri lamoto lakale, ayezi wochokera kumadzulo analephera kulichotsa, anakumba m'mbali mwake, n'kusiya mchira wa nthaka yotetezedwa kuseri. Msewu wa Royal Mile umatsika pamsana pa mchirawo.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndi labwino kuposa loyamba. Pamwamba pa Cairngorms ayezi anafikapo ndithu. Koma anali wopyapyala poyerekeza ndi wa m'zigwa, ndipo pamalo okwera chotero kuzizira kunkalowa mpaka pansi pake. Panalibe timadzi. Ayezi anamatirira kuthanthwe, wapamwamba n'kumayenda, wapansi ali duu. Mpini unalipo, khasu linagona. M'malo mokumba, ayezi wotere amafunditsa nthaka ngati bulangete. Pa Ben Avon ndi pa Beinn Mheadhoin pali zipilala za mwala wolimba wa granite zoima zokha pathyathyathya, zina zotalika kuposa nyumba, zimene glacier yoyenda bwino ikanazithyola kalekale. Zapulumuka nyengo zingapo za ayezi. Komatu pafupi pomwepo pali mpata wa Lairig Ghru, wong'ambidwa mozama pakati pa mapiriwo, ndi maenje onga mpando wandalema m'mphepete mwa phiri, monga Coire an t-Sneachda, momwe sinowo ankaunjikana n'kubala tima glacier tating'ono. Phiri limodzi, ayezi mmodzi, koma pena pansi pake panali ponyowa, pena pouma gwa.

Miyala yosweka imene munaiona ndi ntchito ya mmisiri wina: chisanu. Akatswiri amati periglacial, kutanthauza zochitika kumalo ozizira kwambiri koma osakutidwa ndi glacier, komwe nthaka imaundana n'kusungunuka mobwerezabwereza. Madzi akaundana amafufuma: malita 100 amasanduka malita pafupifupi 109 a ayezi. Aliyense amene anaiwalapo botolo lagalasi la chakumwa mufiriza akudziwa. Madzi akalowa mumng'alu masana n'kuundana usiku, mng'aluwo umakula. M'masukulu timaphunzitsa zimenezi n'kulekera pomwepo, koma pali njira ina yamphamvu kuposa iyi. Ayezi akayamba kumera mkati mwa mwala kapena m'nthaka, amakoka madzi ochokera m'timabowo tapafupi tomwe sitinaundane, n'kumakhuthala ngati chimphero chokhomeredwa pang'onopang'ono. Thanthwe limasweka pomwe lili, ndipo ngati pamalopo ndi pathyathyathya zidutswa zilibe kopita. Zimangokhala pomwepo ngati munda wa miyala. Pakakhala phompho zimagwa n'kuunjikana m'tsinde, monga mwaonera m'mbali mwa msewu wa ku Glen Coe. Maenje amene amadzaza m'misewu ya ku Britain ikatha nyengo yozizira ndi ntchito yomweyi, kungoti pa phula.

Chisanu chimasankhanso miyala mwanjira yake yodabwitsa. Nthaka ikaundana imatukumuka n'kukweza mwala umene uli mkati mwake. Ikasungunuka, dothi limagwera m'kamphako kotsala pansi pa mwalawo, ndiye sungabwerere pakale. Chaka ndi chaka mwala umakwera mpaka kutulukira, ndipo alimi a kumaiko ozizira amatola miyala m'munda womwewo umene anatolamo chaka chatha. Pamalo opanda udzu miyala imakankhidwira m'mbali mwa timilu ta dothi, n'kupanga mikombero ngati kuti ana amasewerapo. Pamalo otsetsereka mikomberoyo imatambasuka n'kukhala mizere yotsika phiri.

Kumene kuzizira kwafika poti nthaka siisungunuka zaka ziwiri kapena kuposerapo zotsatizana, nthakayo amaitcha permafrost. Ku Siberia ilipo yakuya kupitirira kilomita imodzi. M'chilimwe pamasungunuka pamwamba pokha, ndipo madzi sangalowe pansi chifukwa kunsi n'kolimba ngati simenti. Dothi lapamwambalo limasanduka phala n'kumatsetsereka masentimita ochepa pa chaka, ngakhale pamtunda wosapendekeka kwambiri. M'mbali mwa Cairngorms muli malilime a miyala ndi dothi osanjikizana ngati makwerero, otsala pa nthawi imene Scotland anali ndi nthaka yotere. Ku Thompson Common ku Norfolk, ku England, kuli timaiwe tozungulira tambirimbiri: pamenepo panali timapiri ta ayezi wokutidwa ndi dothi, tonga zulu zikuluzikulu, ndipo ayeziyo atasungunuka pakati panatitimira. Totere tamoyo tilipobe ku Tuktoyaktuk, kumpoto kwa Canada. Mumzinda wa Yakutsk ku Siberia nyumba zosanja amazimanga pa mizati, kusiya mpata pansi, kuopa kuti kutentha kwa m'nyumba kungasungunule nthaka, nyumba n'kupendekeka.

Ngati mungapeze tsiku lina lopuma, pitani ku Glen Roy, kumpoto chakum'mawa kwa Fort William. Kumeneko amisiri awiriwa, glacier ndi chisanu, anagwirira ntchito pamodzi, ndipo kunagwetsa munthu wamkulu. M'mbali mwa chigwacho muli mizere itatu yowongoka ngati yoyezedwa ndi levulo, pa mamita 260, 325 ndi 350 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mzere uliwonse uli ndi mnzake kutsidya pa mulingo womwewo. Anthu akale ankati ndi misewu ya alenje a m'nthano zawo. Charles Darwin, wasayansi wotchuka wa ku England, anapitako mu 1838. Zaka zochepa m'mbuyomo anali ku South America, komwe anaona magombe akale atakwezedwa m'mwamba ndi zivomezi, choncho anaona zomwe maso ake anazolowera: mu 1839 analemba kuti mizereyo ndi magombe a nyanja yamchere, ndipo dziko ndi limene linakwera. Vuto linali lakuti sanapezemo chigoba ngakhale chimodzi cha nkhono za m'nyanja. Ganizo lakuti munali nyanja ya madzi abwino analikana pa chifukwa chooneka chomveka: nyanja imafuna chotchinga kumunsi, ndipo kukamwa kwa chigwacho kulibe chotchinga chilichonse. Agassiz atafika mu 1840 anati chotchingacho chinalipo, kungoti chinasungunuka. Thomas Jamieson, wasayansi wa ku Scotland, anakayendera malowo mu 1861 n'kusonyeza kuti mzere uliwonse ukulingana ndi mpata wina wa m'mapiri momwe madzi ankasefukira. Glacier ikatseka mpata wapansi, nyanja inkakwera kufika pa mpata wotsatira. Darwin anavomera kuti analakwitsa kwambiri.

Nyanja za ku Glen Roy zinapangika m'nyengo yomaliza yozizira, pakati pa zaka 12,900 ndi 11,700 zapitazo, pomwe ayezi anabwereranso kumadzulo kwa Highlands atachoka kale. Nyanjazo zinakhalapo zaka mazana ochepa chabe, nthawi yosakwanira kuti mafunde a kanyanja kotere aseme gombe m'thanthwe. Chimene chinafulumizitsa ntchito ndi chisanu: m'mphepete mwa madzi mwala unkanyowa, kuundana, kusweka, mafunde n'kumangosesa zidutswa. Glacier inamanga damu, chisanu chinajambula mizere.

Za kwathu tsopano. Nyanja ya Malawi sinakumbidwe ndi ayezi. Ili mumng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, momwe nthaka ikung'ambika, chapakati n'kumatitimira, ndipo kuya kwake kwa mamita pafupifupi 700 kwachokera pamenepo. Zivomezi za ku Karonga za mu 2009 zinali za ntchito yomweyo. Nyanja ya Loch Ness ya ku Scotland ndi ya makolo awiri: ili pamng'alu wakale wa Great Glen, ndipo ayezi anapezerapo mwayi pa miyala yophwanyika kale ya mumng'alumo n'kukumba mamita 230. Mulanje ndi mwala umene unazizira pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, miyala yofewa yozungulira n'kukokoloka, iwo n'kutsala. Makoma ake osalala, monga la Chambe, amasendeka okha m'zigamba zikuluzikulu. Chisanu chimagwa ndithu pa Mulanje ndi pa Nyika mu Juni ndi Julayi, koma Sapitwa, pa mamita 3,002, ndi wamfupi kuti asunge sinowo chaka chonse. Ma glacier a mu Africa lero ali pa Kilimanjaro, pa Mount Kenya ndi pa Rwenzori, onse mapiri opitirira mamita 5,000, ndipo akutha: Kilimanjaro yataya gawo loposa 80 pa 100 alionse a ayezi amene inali naye mu 1912.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, chifukwa anthu akabwera ku Scotland amayamba kuona ayezi paliponse. Zimiyala zobulungira zosanjikizana pa timapiri ta ku Dedza kapena ku Matobo ku Zimbabwe sizinabwere ndi glacier. Zinabulungira pansi pa nthaka, madzi a mvula akudya thanthwe m'ming'alu, dothi litakokoloka n'kutsala poyera. Muyeso wake ndi wapafupi: onani ngati mwalawo ndi wa mtundu umodzi ndi thanthwe lomwe wakhalapo. Wa kwathu ndi mwana wa pakhomo. Wobwera ndi ayezi kawirikawiri amakhala mlendo.

Komabe ayezi anafikako kwathu, kale kwambiri. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo Africa inali yolumikizana ndi South America, India, Australia ndi Antarctica m'chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana, ndipo chigawo chathu chinali kufupi ndi nsonga ya kum'mwera kwa dziko. Ku Nooitgedacht, pafupi ndi Kimberley ku South Africa, kuli matanthwe osalala a mikwingwirima yofanana ndendende ndi ya ku Highlands, ndipo patapita zaka mamiliyoni anthu a kumeneko anadzagobapo zithunzi za nyama. Dothi losasankhidwa la nthawi imeneyo linauma n'kusanduka mwala wotchedwa Dwyka, ndipo kupezeka kwa miyala yotere m'maiko amene lero atalikirana chotero ndi umodzi mwa maumboni omwe asayansi Alfred Wegener ndi Alex du Toit anagwiritsa ntchito ponena kuti zigawo za dziko zimayenda. Kumpoto kwa Malawi, m'chigwa cha North Rukuru ku Karonga, miyala ya pansi penipeni ya gulu la miyala yosanjikizana lotchedwa Karoo ndi ya mtundu womwewu. Pamwamba pake ndi pamene pali malasha, otsala a zomera za m'madambo amene anadzala m'zigwazo ayezi atasungunuka.